Mmene Ndinanenerera Bondo Langa

Pa Chitakale palibe munthu amene anandigulitsapo chinthu pa mtengo woyamba. Funsani amayi a nanazi a m'mbali mwa msewu, funsani makondakitala a pasiteji, funsani ngakhale ku Limbe kumene ndinkaoda mabelo a nsapato za kaunjika. Munthu akatchula mtengo ndimayamba ndaseka. Kenako ndimagwira katunduyo ndi zala ziwiri ngati wanunkha, n'kutembenuka ngati ndikupita. Sindinkaponda kasanu asanandiitane. Anzanga ndinkawauza kuti ngakhale tsiku langa lomwalira ndidzanenerera, mngeloyo adzatopa nane n'kundiikira sabata ya banyira.

Ndikulemba izi pa benchi yanga yomweyo, mwendo wamanja nditausanjika pa katoni chifukwa kukazizira bondo lake silifuna kupinda. Nkhaniyi ndikamaifotokoza anthu amaseka, inenso ndimaseka nawo, koma musanamizike ndi mano. M'kati muno mukuyakabe.

Chinali chaka cha zisankho. Bwana wina amene ankafuna uphungu wa dera lathu, amene tonse tinkangomutchula kuti shado, anaika chikho cha mpira. Ife mavenda tinali ndi timu yathu, ndipo nambala naini ndinali ine. Zaka zinali zitapitirira makumi atatu, liwiro linali litayamba kundithawa, koma ndinkadziwa kunamiza wotchinga kumbuyo monga ndinkanamizira kasitomala: kumuonetsa kuno, n'kudutsa uko.

Mu semifainolo tinakumana ndi timu ya ku esiteti ya tiyi. Kumbuyo kwawo kunali chimunthu chimene ntchito yake inali kukweza matumba a tiyi pa thirakitala, ndipo miyendo ya anthu chinkaiona ngati matumba omwewo. Ndinamwetsa chigoli, inde, koma mpira ukulowa muukonde chimunthucho chinali chitandigwera pa bondo. Ndinamva kuti thu m'kati. Pofika madzulo bondolo linali ngati papaya.

Kuchipatala anandiyeza, anandimanga bandeji, anandipatsa mapiritsi ndi ndodo, n'kundiuza kuti ndipume. Analankhula zoona, koma fainolo inali itatsala masabata atatu, ndipo zoona za mtundu umenewo sindinkazifuna. Apongozi anga anati ndikatemetse mphini. Ndinakana. Ndiye anabwera mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, amene amapalasa kabaza pa Muloza.

"Alamu, kufupi ndi boda kuli amayi ena a singano," anatero. "Ife a kabaza msana ukatigwira timapita komweko."

"Jakisoni?"

"Ayi, singano chabe, zopanda mankhwala. Amakubayani ngati akufuna kukusokani, mumagona pang'ono, mukamadzuka mwapepuka."

"Ndiye munthu ndikalipire kubayidwa ndi singano yopanda kanthu? Telala wa pa msika angandibaye ulere."

Komabe m'mawa mwake ndinakwera minibasi mpaka pa Muloza, iye n'kunditenga pa kabaza kulowa m'kanjira ka m'minda ya nandolo.

Amayiwo anali achikulire, aafupi, a magalasi omangidwa ndi ulusi. Kale anali namwino ku Mozambiki, kumene anaphunzira za singanozi kwa madokotala a ku China amene ankagwira nawo ntchito. Nkhondo itavuta anathawira kuno, ndipo itatha sanabwererenso. Chichewa chawo chinali chopendekera ku Chilomwe ngati cha agogo anga. M'chipinda munali bedi loyalidwa pulasitiki, beseni, ndi chithunzi chachikulu cha munthu wosavala, thupi lonse madontho okhaokha ngati nkhanga.

Sanayambe ndi singano. Anandigoneka, anagwira ntchafu ndi dzanja limodzi, ndi linalo n'kukoka mwendo pang'onopang'ono ngati akutsegula dilowa. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Ine nkhope ndimaziwerenga, ndi ntchito yanga. Inali nkhope ya munthu amene wamasula belo n'kupeza nsapato za mwendo umodzi zokhazokha.

Kenako anang'amba timapepala n'kutulutsa singano zopyapyala ngati ubweya wa kumchira wa ng'ombe. Ankabaya akuwerenga m'Chipwitikizi chapansipansi. Zina kuzungulira bondo, ina pansi pa katumba, ina pa phazi. Yomaliza anandibaya pa dzanja, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala.

"Amayi, mwasochera. Bondo lili kumunsi kuno."

"Inu mumagulitsa chiyani, bambo?"

"Nsapato."

"Ndikadzafuna nsapato ndidzakufunsani. Gonani."

Sizinkapweteka. Mwendo unangolemera, kenako ngati madzi ofunda akuyenda m'kati. Patapita nthawi anazizula, ndipo nditaponda pansi ululu uja umene unkandiluma masiku atatu unali utabwerera kutali, ukungong'ung'udza. Ndinatsala pang'ono kuvina.

"Muzibwera kawiri pa sabata," anatero akusamba m'manja. "Ndikuonetsani mmene muziwongolera mwendowu kunyumba. Mpira ayi, mpaka patapita masabata asanu ndi atatu. Akakwana tidzaonenso."

Apa m'pamene mzimu wa pa msika unandilowa. Ndinaseka kuseka kwanga kuja.

"Asanu ndi atatu? Amayi, tiyeni tikambirane ngati anthu. Chotsani asanuwo, tisiye atatu."

"Atatu a chiyani?"

"Masabata. Kuli fainolo."

"Asanu ndi atatu."

"Chabwino, ndakwera. Atatu ndi theka, koma mundibaye kanayi pa sabata. Muwonjezere singano, ine sindiopa."

"Bambo, pano si pa msika."

"Paliponse pamene pali anthu awiri ndi pa msika, amayi."

Sanaseke. Ndiye ndinatulutsa chida changa chachikulu. Ndinatola ndodo, ndinapukusa mutu ngati munthu wokhumudwa, n'kuyamba kutuluka. Ndinaponda kasanu. Zii. Kakhumi. Zii. Ndinafika pa mtengo wa mango pamene mlamu anaimika kabaza, makutu ali kumbuyo, koma chimene ndinamva ndi madzi a m'beseni akutayidwa pa maluwa. Kuyambira pamene ndinayamba geni, aka kanali koyamba kuti munthu asandiitane.

Ndinabwerera ndekha ndikutsimphina.

"Ndaiwala chipewa," ndinatero.

"Simunabwere ndi chipewa. Khalani pansi."

Ndinakhala. Mlamu panja anali atagwira pamimba ndi kuseka.

"Mverani," anatero amayiwo. "M'bondo mwanumo muli mtsempha umene wang'ambika, koma sunaduke. Singano zanga zimagoneka ululu ndi kuphwetsa chotupa. Sizisoka. Wosoka ndi thupi lanu, ndipo thupi silidziwa kuti kuli fainolo. Masabatawo si ine ndawaika, ndiye sindingawatsitse. Ululu ndi galu wa pakhomo. Ndikamugoneka kuti inu mupeze tulo, si kuti wakuba wachoka. N'chifukwa chake munthu wopita ku mpira sindimubaya. Mwamva?"

Ndinati ndamva. Chimene ndinamva ine n'chakuti wogulitsayu ndi wouma, afunika kumuzungulira.

Ndinkapita Lachiwiri ndi Lachisanu. Sabata yoyamba chotupa chinaphwa. Yachiwiri ndodo ndinaisiya kuseri kwa chitseko, n'kumayenda pa Chitakale ngati mkwati. Ndiko kunali kulakwa kwanga koyamba, kuonetsa katundu asanakonzeke, chifukwa ogula anabwera.

Kochi wathu anali mwini butchala pa msika. Anafika pa benchi yanga ndi munthu wa shado, wa magalasi akuda ndi makiyi a galimoto pa chala.

"Mdala, tamva kuti wachira," anatero kochi.

"Ndikuchira."

"Ukuyendatu bwinobwino iwe. Tadumpha tione."

Ndinadumpha. Chitsiru cha munthu, ndinadumpha pakati pa msika ngati mbuzi yogulitsa.

"Basi!" anatero wa magalasiyo. "Bwana akufuna nambala naini Loweruka. Nkhani ya singano aimva, yawasangalatsa kwambiri."

"Amayi a singanowo akuti masabata asanu ndi atatu."

Kochi anaseka mpaka anthu anatembenuka. "Iweyo? Iwe amene unatsitsitsa mtengo wa bokosi pa maliro a malume ako? Wakukanika gogo wa ku Muloza? Aise, ndiye kuti wakalamba zoona."

Anadziwa pobaya, kuposa amayi aja. Wa magalasi anandigwira paphewa n'kunena mawu amene mpaka lero ndikawakumbuka malovu amandiwawa: "Usaope, m'bale wanga. Chikachitika chilichonse, ndiwe mwana wa bwana. Tikusamala."

Ine amene ndimadziwa kuti lonjezo la kasitomala woti "ndibwera mawa" ndi mphepo, ndinagula mawu amenewo osanenerera n'komwe.

Mkazi wanga sanachulutse zonena. Ankapeta mpunga pakhonde, ndipo osadzutsa mutu anati, "Abambo, mwendo ndi wanu. Koma wokwera nawo minibasi ya ku Limbe ndi womwewo, wosenza nawo belo ndi womwewo. Mulibe wina wa mpira wokha." Ndinamuyankha kuti za mpira azisiyire amuna. Mawu amenewonso ndinawalipira.

Loweruka m'mawa ndinali pa Muloza. Bondo linkang'ung'udzabe ndikapotoloka mwamsanga, ndipo ndinkafuna kuti galu uja agone mpaka madzulo. Jombo ndi masokosi ndinasiyira mlamu m'jumbo, pansi pa mango.

"Lero si tsiku lanu," anatero amayiwo.

"Ndikudziwa, amayi. Kuli chinkhoswe cha mlongo wanga ku Phalombe. Ine ndiye nkhoswe, ndiima tsiku lonse. Ndithandizeni ndisakachite manyazi ndi ndodo pamaso pa akuchimuna."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Fainolo yanu ija ndi liti?"

"Anaisuntha. Shado ali ku Lilongwe."

"Mukulumbira?"

Mumvetse. Ine ndimalumbira kakhumi dzuwa lisanafike pamutu. Ndimalumbira kuti nsapato iyi ndaioda modula, kuti sindikupindulapo kanthu, kuti ndi chikopa chenicheni cha ku Italy. Pa msika lumbiro ndi moni. Wogula amadziwa, ine ndimadziwa, palibe amene amavulala. Ndinaika dzanja pamtima n'kulumbira pali Mulungu, mosavuta ngati kuyasamula. Sindinaganize kuti kuli anthu amene lumbiro amalitenga pa mtengo wake wonse.

Anandibaya. Atamaliza anandimanga bandeji yatsopano, bwinobwino, n'kunena kuti ku chinkhosweko ndizikhala pansi ndikapeza mpata. Ndinatuluka mtima ukuimba. Kuchoka pa asanu ndi atatu kufika pa atatu, bandeji ya banyira pamwamba. Ndinauza mlamu kuti palibe wouma amene sindingamufewetse. Iye sanaseke.

Masana bwalo linadzaza mpaka ena anakwera m'mitengo ya bulugamu. Phiri linali pamwamba pathu lopanda mtambo. Amayi a nsalu zachipani ankavina kutsogolo kwa tenti, ndipo shado, atavala suti pa dzuwa limenelo, anatenga chimkuzamawu n'kundiloza. "Mwamuona nambala naini? Masabata atatu apitawo anali pa ndodo! Mu nthawi yanga ngakhale opunduka adzathamanga!" Anthu anakuwa. Ine ndinakweza manja ngati wandichiritsa ndi iye.

Mphindi zoyambirira ndinasewera ngati ndabwerera ku unyamata. Bondo linali zii. Ndinadoda awiri, ndinaomba mpira umene unagunda chitsulo, masapota n'kuyamba kuimba za singano. Kenako mpira unabwera kuchokera kumanzere, kumbuyo kwanga pang'ono. Ndinaponda ndi mwendo wamanja kuti nditembenuke. Palibe amene anandigunda. Wotchinga anali kutali. Phazi linatsala pamene linali, thupi linatembenuka, ndipo bondo linapita njira yakeyake. Galu sanauwe. Ndinangomva kuti phwa, ngati chingwe cha belo chikaduka, n'kupezeka ndikudya fumbi.

Oyimbira anaganiza kuti ndikufuna penate. Masapota a timu inayo anayamba kukuwa, "Dzuka iwe, pano si pa kaunjika! Akunenerera penate ameneyo!" Ngakhale athu ena anaseka. Ndiye ululu unadzuka, wonse pamodzi, wa masabata atatu ndi wa tsikulo, ndipo ndinalira mokweza pamaso pa dera lonse.

Anandinyamula anthu anayi n'kukanditula kuseri kwa golo, pafupi ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa. Kochi anabwera akuthamanga. Ndinayesa akubwera kudzaona mwendo.

"Vula jezi, mdala. Changu!"

Timu yathu inali ndi majezi okwanira olowa m'bwalo okha, ndiye wolowa m'malo mwanga ankadikira yanga. Ndinali ndisanapume n'komwe. Anandikoka jeziyo kudzera kumutu ngati akusenda mbuzi m'butchala mwake, n'kuthamanga nayo. Sanayang'ane bondo ngakhale kamodzi. Ndinatsala chigonere pa fumbi, chifuwa pamtunda, mayi wa zitumbuwa akundikupiza ndi chivundikiro cha ndowa.

Tinawina. Chigoli chimodzi, anamwetsa ndi amene anavala jezi yanga ija, itanyowa kale ndi thukuta langa. Wezulo yomaliza italira bwalo lonse linathamangira ku tenti. Ndinamva nyimbo, ndinamva shado akulankhulanso, kenako lole ikulira, timu yonse pamwamba ndi chikho, ulendo wokazungulira pa Chitakale. Lole imeneyo inadutsa pafupi nane moti fumbi lake linandilowa m'kamwa. Theka la anthu amene anali pamwambapo anavala jombo za pa benchi yanga, zimene ndinawabwereka. Palibe amene anagogoda kuti iime. Wa magalasi akuda uja ndinamuona kutsogolo, dzanja panja pa windo, akuimba nawo.

Mwana wa bwana ananyamulidwa ndi mlamu wake pa kabaza, mwendo uli lende, atafunda chitenje chobwereka kwa mayi wa zitumbuwa.

Kuchipatala ananditumiza ku Blantyre, ndipo kumeneko anandiuza kuti mtsempha uja tsopano waduka, wawononganso zina m'kati. Ndinakhala miyezi osasenza belo. Ku Limbe ankapita ndi mkazi wanga, amene ndinamuuza kuti za mpira azisiyire amuna. Sanandikumbutse mawuwo ngakhale tsiku limodzi, ndipo kusandikumbutsako kunkapweteka kuposa bondo.

Shado sanabwere. Munthu wake sanabwere. Chimene chinabwera ndi chithunzi, chomatidwa pa mtengo uliwonse kuyambira pa boma mpaka pa Muloza: shado atanyamula chikho, pambali pake nambala naini akumwetulira ndi mano a munthu wina. Kochi anabwera kamodzi. Anakhala pa mpando wanga, anamwa tiyi wanga, n'kufunsa ngati anyamata angasunge jombo zija poti ligi ikuyamba. Ndinamuponyera ndodo. Ndinamuphonya, ndipo mpaka lero ndimadandaula.

Koma chimene chimandiwotcha kwambiri si anthu amenewa. Fisi ukamuitana pa khola sudabwa akadya mbuzi. Chimene chimandiwotcha n'chimene mlamu anandiuza patapita mwezi. Pa Chitakale ponse panali patamveka kuti singano za amayi a ku Muloza ndi zimene zinapundula nambala naini. Ena ankati zinayamwa mafuta a m'bondo, ena ankati ndi matsenga a ku Mozambiki. A kabaza ambiri anasiya kupitako. Munthu amene anandiuza zoona, yekhayo pa anthu onsewa amene anakana kundigulitsa chimene ndinkafuna, ndi amene anasenza mlandu wanga.

Nditayamba kuyendako ndinapita. Ndinawapeza pakhonde akusenda chinangwa, pa benchi ya odwala palibe munthu. Anandiyang'ana, anayang'ana ndodo, n'kupitiriza kusenda.

"Ku chinkhoswe kunali bwanji?"

Ndinayang'ana nkhuku.

"Ndinalakwa, amayi."

"Munalumbira."

"Ndinalumbira."

"Kwathu munthu akalumbira pali Mulungu, timasiya kufunsa. Ndinu munandiphunzitsa kuti kuno n'kosiyana." Anaika mpeni pansi n'kupukuta m'manja. "Lowani. Mwendo sunalakwe."

Anandigoneka pa bedi lomwe lija, pansi pa munthu wa madontho uja. Anagwira bondo, sanalikoke n'komwe. Singano zikulowa ndinafunsa ndi mawu aang'ono, opanda kuseka kuja.

"Tsopano ndi masabata angati, amayi? Ngakhale mutati makumi awiri, ndavomera. Sindinenerera."

"Asanu ndi atatu aja anali a bondo lija," anatero. "Ili ndi lina. Ndikhoza kulithandiza kuti lizikulolani kugona, kuyenda, mwina kusenza pang'ono. Za mpira musawerengenso."

Ndinalira kachiwiri, singano zili mbwee pa mwendo, ndipo iwo anatuluka kukamaliza chinangwa chawo kuti ndilire bwino.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuuza aliyense wofika pa benchi yanga kuti si singano, ndi ine. Ndinkaima pa siteji n'kuuza a kabaza kuti amayiwo anandiletsa, ine n'kuwanamiza. Mukudziwa chimene ankayankha? "Aaa, mdala, wayamba kutsatsa malonda a gogo uja? Akukupatsa zingati?" Zaka zonse zimene ndinalumbira zabodza anthu ankagula. Tsiku limene ndinalumbira zoona, palibe amene anagula. Nkhani ikafika pa msika anthu amaitenga pa mtengo woyamba, ndipo palibe wonenerera amene angaitsitse. Odwala anabwerera kwa amayiwo pang'onopang'ono, chifukwa msana wa kabaza sumva mphekesera, koma ena sanabwererenso.

Shado anapita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo tinadzamuonanso patatha zaka zisanu atabwera ndi chikho china. Chathu chija chili m'butchala mwa kochi, pamwamba pa firiji, ntchentche zikuchita misonkhano m'kati mwake. Loweruka kukakhala mpira ndimamva phokoso la kubwalo ndili pa benchi pano, ndipo mwendo wamanzere umagundagunda pansi wokha, mnzake ali phee pa katoni.

Komatu pa mbiri yanga sipanadetsedwe. Anandiuza asanu ndi atatu, ine ndinatenga atatu, ndi bandeji ya banyira. Sindinagonje pa mtengo woyamba, monga ndinakuuzani poyamba paja. Ndiye inu amene mumadziwa msika, tayang'anani katundu amene ndinabwera naye kunyumba, mundiuze mosandinyengerera: pa malonda amenewa, anawina ndani?